Kusintha mawu m'nkhani popanda kukhudza mayina: chifukwa chake Nsanje sangasanduke Kaduka

M'mwezi wa Juni chaka cha 2008, katswiri wothamanga wa ku America, Tyson Gay, ankapikisana ndi anzake mumzinda wa Eugene polimbirana malo opita ku masewera a Olimpiki a ku Beijing. Nthawi imeneyo bungwe la American Family Association linali ndi tsamba la nkhani lotchedwa OneNewsNow, ndipo tsambalo linali ndi kapulogalamu kochotsa mawu a Chingerezi akuti "gay" paliponse pomwe apezeka n'kuikapo akuti "homosexual". Eni ake ankaona kuti mawu awiriwa amanena chinthu chimodzi, munthu wogonana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake, ndipo iwo ankakonda achiwiriwo. Nkhani ya mpikisano uja itafika kuchokera ku bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press, kapulogalamuko kanachita zomwe kanauzidwa, ndipo owerenga anangoona kuti amene wathamanga bwino pa mtunda wa mamita 100 ndi "Tyson Homosexual". Munthu anasinthidwa dzina pamaso pa dziko lonse popanda aliyense amene anakhala pansi n'kuganiza zomuchita zimenezo.

Vuto lonse la ntchito yosintha mawu ndi anzawo ofanana matanthauzo lagona pamenepa. Mawu wamba amagwira ntchito ndi tanthauzo lawo, choncho ukapeza ena a tanthauzo loyandikana nawo ukhoza kuwasinthanitsa nkhani n'kukhalabe yomweyo. Dzina lamwinimwini ntchito yake ndi kuloza munthu mmodzi, malo amodzi kapena bungwe limodzi. Ngakhale dzinalo litakhala ndi tanthauzo, tanthauzolo silimene likugwira ntchito m'chiganizo. Mavuto akhoza kukhala munthu wosangalala kuposa aliyense m'mudzi, ndipo Chimwemwe amalira maliro ngati wina aliyense. Ukasintha "msungwana" n'kulemba "mtsikana" sunalakwire munthu. Ukasintha "Chifundo" n'kulemba "Chisoni" wachotsa munthu m'nkhani n'kulowetsamo wina, mwinanso mchemwali wake weniweni.

Anthu amene amafuna kusintha mawu motere ndi osiyanasiyana. Pali mlembi kapena mkonzi amene waona kuti liwu limodzi labwerezedwa kasanu m'ndime imodzi, kapena akufuna kupeputsa chikalata cha zaumoyo kuti agogo akumudzi achimve. Amenewa akhala akudalira mabuku kuyambira kale. Ku England, Peter Mark Roget anatulutsa buku lake losanja mawu potengera matanthauzo mu 1852, ndipo mpaka lero likusindikizidwabe. Pali akatswiri a kompyuta amene amaphunzitsa makina kumva chilankhulo. Iwowa akakhala ndi ziganizo zochepa zophunzitsira, amatenga chiganizo chimodzi n'kusinthamo liwu limodzi kapena awiri kuti apeze ziganizo zingapo zonena chinthu chomwecho. Jason Wei ndi Kai Zou anaonetsa mu 2019 kuti njira yophweka ngati imeneyi imathandiza, makamaka pomwe zitsanzo zili zochepa, ndipo kwa zilankhulo ngati chathu, zomwe zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa, nkhaniyi ndi yofunika ndithu. Mawu ofananawo ankawatenga mu WordNet, nkhokwe ya mawu a Chingerezi yomwe George Miller ndi anzake anayamba kumanga pa yunivesite ya Princeton mu 1985. Nkhokweyi imaika mawu m'timagulu toposa 117,000, kagulu kalikonse n'kukhala ka tanthauzo limodzi.

Ndiye pali gulu lachitatu, la anthu okopera ntchito za eni ake n'kusintha mawu kuti asagwidwe. Amenewa ndilibe nawo mawu abwino, koma zolakwa zawo n'zimene zatiphunzitsa zambiri. Mu 2014 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Middlesex, Chris Sadler, anadandaula poyera za ophunzira amene ankachita zimenezi, ndipo chitsanzo chake chomwe chinatchuka ndi cha mawu akuti "left behind", kutanthauza kusiyidwa m'mbuyo, omwe anasanduka "sinister buttocks", kunena matako oopsa. Mu 2021 Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov anapeza kuti matenda omwewa alowa m'magazini a sayansi. M'malo mwa "artificial intelligence" munkapezeka "counterfeit consciousness", m'malo mwa "big data" munkapezeka "colossal information", ndipo khansa ya m'mawere inkatchedwa "bosom peril". Njira ina yowerengera imatchedwa "naive Bayes", potengera dzina la Thomas Bayes. Mapulogalamu omwe ankasintha mawuwa dzina la Bayes ankalisiya, poti analibe liwu lina lofanana nalo, koma liwu loyambalo ankalisintha n'kutulutsa zinthu ngati "credulous Bayes". Dzina la munthu linapulumuka koma dzina la njirayo linafa. Apa tikuona kuti zoyenera kutetezedwa ndi zambiri kuposa mayina a anthu ndi malo okha: mawu alionse amene agwirizana n'kukhala dzina la chinthu chimodzi ayenera kuyenda limodzi osasiyanitsidwa.

Tsono pulogalamu yochita bwino ntchitoyi imayamba ndi kufunafuna mayina isanakhudze liwu lina lililonse. Ikawapeza imawaphimba, monga amachitira wopenta nyumba amene amayamba wamata mapepala pa magalasi a mawindo asanaviike bulashi mu penti. Tiyeni titenge chiganizo chongopeka ichi: "Mphatso Phiri wa ku Nsanje walandira mphatso ya njinga." Pulogalamu yosasamala, yongoyang'ana liwu lililonse pamndandanda wake, ikhoza kutulutsa kuti: "Mphoto Chitunda wa ku Kaduka walandira mphoto ya njinga." Palibe liwu lomwe yapeka. Mphatso ndi mphoto n'zoyandikana, phiri ndi chitunda chimodzimodzi, nsanje ndi kaduka ndi pachibale. Koma munthu uja wasowa, ndipo boma la kumunsi kwa Shire lafufutidwa pamapu. Pulogalamu yosamala imayamba yasandutsa chiganizocho kukhala "MUNTHU1 wa ku MALO1 walandira mphatso ya njinga", kenako imasintha zomwe zatsala, pomaliza n'kubwezera "Mphatso Phiri" ndi "Nsanje" pamalo pawo. Ikatha imawerenga mayina omwe analowa ndi omwe atuluka, ndipo akapanda kufanana ndiye kuti penapake pasokonekera.

Kuphimba ndi kuvundukulaku n'kosavuta. Chovuta ndi kudziwa choti uphimbe.

Njira yoyamba imene aliyense amaiganizira ndi ya chilembo chachikulu: liwu likayamba ndi chilembo chachikulu lisiyeni. Imathandiza, koma imabooka malo ambiri. Liwu loyamba la chiganizo chilichonse limayamba ndi chilembo chachikulu, ndiye "Nsanje yawononga banja lawo" ndi "Nsanje ili kumalire ndi Mozambique" zimaoneka chimodzimodzi. Mitu ya nkhani nthawi zina imalembedwa yonse m'zilembo zazikulu. Pa WhatsApp ndi pa Facebook ambiri salabadira n'komwe za zilembozi. Ndiponso ife timalemba mayina mosiyanasiyana: wina alemba "a Phiri", wina "aPhiri", wina "ku Zomba", wina "kuZomba". Chilembo chachikulu chikakhala pakati pa liwu, pulogalamu yomwe inapangidwira Chingerezi imangodutsa osachiona.

Njira yachiwiri ndi kusunga mndandanda wa mayina odziwika: maboma onse 28 a Malawi, mizinda, mitsinje, mayina a mafumu, mabungwe monga ADMARC ndi ESCOM. Pa Chingerezi mndandanda woterewu umapita patali ndithu chifukwa mayina ambiri ngati John kapena London sagwiranso ntchito ina. Kwa ife zinthu zili mwina. Mayina athu ambiri ndi mawu omwe timayankhula tsiku lililonse: Chikondi, Chisomo, Mtendere, Madalitso, Mwayi, Chiyembekezo. Ena ndi aneni athunthu, monga Limbani, Kondwani, Tiyamike, Yamikani. Ukaika "Limbani" pamndandanda woti asakhudzidwe, ndiye kuti ngakhale pa "limbani mtima" pulogalamu idzaona munthu. Ukamuchotsa, Limbani adzasanduka "Pirirani", yemwenso ndi dzina la munthu wina. Ku Zambia kuli mzinda wa Chipata, koma sukulu iliyonse ili ndi chipata chake, ndipo palibe amene angakondwe kuwerenga kuti basi yanyamuka ku Lusaka kupita ku Geti.

Mayina a mawu angapo ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa liwu lililonse palokha limaoneka wamba. Gule Wamkulu si gule aliyense amene wakula, ndipo sangalembedwe kuti "Mavinidwe Aakulu". Mtukula Pakhomo ndi dzina la ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa. Ukalemba "Mkweza Panyumba" palibe wakumudzi amene angadziwe kuti ukunena ndalama zake zija. Boma Lathu ndi nyuzipepala. Kulamba ndi mwambo womwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhanira ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti. Ngakhale udindo umalowa m'dzina: pa Kalonga Gawa Undi, liwu lakuti Kalonga silingachotsedwe n'kuikapo "Mfumu" chabe ngati kuti ndi zofanana.

N'chifukwa chake akatswiri anafika pa njira yachitatu, yophunzitsa makina kuzindikira dzina poona mawu olizungulira. Anthu amatenga ziganizo zambirimbiri n'kumachonga pamanja kuti apa ndi munthu, apa ndi malo, apa ndi bungwe, apa ndi tsiku, ndipo makina amaphunzira kuchokera pa zitsanzozo. Pa Chingerezi ntchitoyi inakhazikika cha m'ma 1995, pa misonkhano ya ku America yotchedwa Message Understanding Conference. Zilankhulo za mu Africa zinadikira nthawi yaitali. Gulu la Masakhane, la akatswiri ophunzitsa makina zilankhulo za mu Africa, linatulutsa ziganizo zochongedwa motere m'zilankhulo 10 mu 2021, ndipo mu 2022 linafikitsa zilankhulozo pa 20, Chichewa chili momwemo.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti Chichewa chili ndi chizindikiro chake chomwe Chingerezi chilibe, ndipo mwana aliyense amachidziwa asanalowe m'kalasi. Ndi agwirizanitsi. Timati "chikondi chatha" koma "Chikondi wabwera". Timati "mphatso yafika" koma "Mphatso wafika". "Phiri lapsa" ndi moto wolusa kumapiri, pomwe "Phiri wapsa" ndi munthu amene akufunika kuthamangira naye kuchipatala. Liwu likangosanduka dzina la munthu limachoka m'gulu lake la mayina n'kulowa m'gulu la anthu, ndipo mneni amaulula zimenezi ngakhale wolemba ataiwala chilembo chachikulu. Pulogalamu yomwe ingaphunzire kuyang'ana mneni wotsatira ikhoza kugwira mayina ambiri omwe njira zina zimaphonya.

Koma ulemu wathu umabweretsanso chisokonezo china. Munthu wamkulu timamutchula ngati ambiri: "a Mavuto abwera". Wolemba mofulumira akasiya ka "a" koyambako, chotsala ndi "Mavuto abwera", ndipo apa mgwirizanitsi sakuthandizanso, poti mavuto enieni nawonso timati abwera. "Madalitso afika" akhoza kukhala mawu a m'pemphero kapena uthenga woti mlendo uja ali pakhomo. Zikatere yankho limapezeka m'ziganizo zina za nkhaniyo. Ngati m'ndime yoyamba munatchulidwa "a Mavuto Banda", ndiye kuti Mavuto wa m'ndime yachitatu ndi yemweyo. Pulogalamu yabwino imakumbukira mayina omwe yakumana nawo kale m'nkhani yonse, osamangoona chiganizo chimodzichimodzi. Ndipo pomwe kukayika kwatsalabe, maganizo anga ndi akuti liwulo lisiyidwe momwe lilili. Liwu wamba likapanda kusinthidwa nkhani siitaya kanthu, koma dzina likasinthidwa molakwika ndiye kuti nkhaniyo yanama.

Pali msampha winanso womwe unabwera ndi makina atsopano. Kuyambira 2013, pomwe Tomas Mikolov ndi anzake ku Google anatulutsa pulogalamu yotchedwa word2vec, makina akhala akuphunzira kuyandikana kwa mawu poona malo omwe mawuwo amapezeka m'ziganizo, popanda mtanthauziramawu. Mawu awiri akamapezeka pakati pa mawu ofanana, makina amati ndi apachibale. Njirayi ndi yamphamvu, koma taganizani: "ndikupita ku Lilongwe" ndi "ndikupita ku Blantyre", "khonsolo ya mzinda wa Lilongwe" ndi "khonsolo ya mzinda wa Blantyre". Kwa makina oterewa, Lilongwe ndi Blantyre ndi mawu oyandikana kwambiri kuposa mtsikana ndi msungwana. Mukawapempha liwu lofanana ndi Lolemba adzakupatsani Lachiwiri, ndipo lofanana ndi "kutentha" likhoza kukhala "kuzizira". Cholakwika chamtunduwu n'choopsa kuposa cha Kaduka chija, chifukwa sichioneka. "Ngoziyi yachitika ku Mzuzu" ndi chiganizo chabwinobwino, chosalala, chopanda chilema, kungoti ngoziyo inachitika ku Zomba. Pa chifukwa chomwechi manambala, masiku, ndalama, milingo ndi mayina a mankhwala zimaphimbidwa limodzi ndi mayina a anthu.

Wina angafunse kuti nanga malo amene ali ndi mayina awiri bwanji? Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Nsanje ankatchedwa Port Herald, Chipata anali Fort Jameson, ndipo dziko la Malawi linali Nyasaland kufikira 1964. Mayinawa amaloza malo omwewo, komabe sasinthanitsidwa mwachisawawa, chifukwa lililonse lili ndi nyengo yake. Kulemba kuti chitaganya cha 1953 chinali cha Rhodesia ndi Malawi n'kupotoza mbiri. Omasulira Baibulo anakumana ndi funso lotere pa dzina la Mulungu. Buku Lopatulika la 1922 limati Yehova pomwe Buku Loyera la 1998 limati Chauta. Kusankha kumeneko kunachitika ndi anthu amene anakhala pansi n'kukambirana, akudziwa chomwe akuchita ndi chifukwa chake. Ziliponso nthawi zomwe mayina amasinthidwa dala, monga pobisa odwala m'zolemba za kuchipatala kapena ana m'nkhani za kukhoti, koma imeneyo ndi ntchito ina yokhala ndi malamulo ake.

Mayina akaphimbidwa bwino, ntchito sikuti yatha. Mawu otsalawo ali ndi zovuta zawo, ndipo m'Chichewa n'zazikulu. Agwirizanitsi omwe anatithandiza kupeza mayina aja tsopano amasanduka ngongole. "Mbava yathawa koma aigwira" ikasintha kukhala wakuba, chiganizo chonse chiyenera kutsatira: "Wakuba wathawa koma amugwira." "Njira iyi ndi yaitali" imakhala "msewu uwu ndi wautali". "Mwana wanga wagona" imakhala "khanda langa lagona". Liwu limodzi likasuntha limakoka anzake awiri kapena atatu, ndipo pulogalamu yongochotsa ndi kuika imatulutsa zinthu ngati "msewu iyi ndi yaitali", zomwe khutu la Mchewa limakana nthawi yomweyo. Aneni nawonso sapezeka m'nkhani momwe alili mu mtanthauziramawu. Kuti usinthe "kuuza" ndi "kudziwitsa" mu "sindidzamuuzanso", uyenera kuliphwanya liwulo, kupeza muzu wake pakati, kuusintha, n'kulimanganso kuti likhale "sindidzamudziwitsanso".

Ndiye pali mawu olembedwa mofanana koma a matanthauzo osiyana. Mtengo wa chimanga ndi wa pamsika, mtengo wa mango ndi wa pabwalo. Kulemera kwa thumba si kulemera kwa mwini sitolo. Khungu la pathupi si khungu la maso. Ena mwa mawu oterewa timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu poyankhula, koma polemba sitiika zizindikiro zake, choncho makina amangodalira mawu oyandikana nawo. Zining'a nazo sizilola kugawidwa. "Kupsa mtima" sikungakhale "kunyeka mtima", ndipo "kutsina khutu" ukakusintha liwu limodzi, chenjezo lija limasanduka nkhanza.

Choposa zonsezi ndi chakuti mawu ofanana ndendende ndi osowa. Kufa, kumwalira, kutisiya ndi kutsikira kulichete zonse zimanena chinthu chimodzi, koma mbuzi siimwalira, ndipo palibe amene angaime pa siwa n'kunena kuti agogo afa. Mayi woyembekezera timamutchula mwaulemu choncho, pomwe mawu ena onena zomwezo amamveka achipongwe akatuluka pakamwa pa mwana. Mtedza ndi nsawa ndi chinthu chimodzi, mphaka ndi chona chimodzimodzi, koma lililonse lili ndi dera lomwe limamveka kuti ndi lakwawo. Wa ku Lusaka akati "manzi" ndi "kukamba", wa ku Dedza amati "madzi" ndi "kuyankhula", ndipo ukasakaniza zonsezi m'ndime imodzi imamveka ngati yalembedwa ndi anthu atatu osadziwana. Mlembi wabwino amadziwanso kuti kubwereza liwu nthawi zina n'kofunika. M'pangano la ngongole kapena m'malangizo a kamwedwe ka mankhwala, chinthu chikatchedwa "mlingo" pamwamba chiyenera kukhala "mlingo" mpaka pansi, chifukwa wowerenga akaona liwu lina amaganiza kuti mukunena chinthu chinanso.

Zida zomwe tili nazo ndi zoyambira zabwino. Centre for Language Studies ya ku Zomba inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, Steven Paas anasonkhanitsa mtanthauziramawu wamkulu wa Chichewa ndi Chingerezi, ndipo Google Translate inalandira Chichewa kumapeto kwa 2014. Ena amayesa njira yachidule yomasulira chiganizo kupita m'Chingerezi n'kuchibwezanso m'Chichewa kuti chibwere ndi mawu ena. Njirayi ndi yomwe imaika mayina athu pangozi kwambiri, poti Chisomo akhoza kupita n'kukabwerako ali Grace, ndipo Phiri akhoza kumasuliridwa ngati phiri lenileni. Nayonso imafuna kuti mayina ayambe aphimbidwa.

Amene angafune kumanga mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo woti makina azigwiritsa ntchito m'Chichewa, asangolemba mawu awiriawiri moyandikana. Pa liwu lililonse pafunika gulu lake la mayina kuti agwirizanitsi azikonzedwa, tanthauzo lenileni lomwe likufanana ndi linzakelo, dera lomwe liwulo limamveka, ngati ndi laulemu kapena la pakati pa achinyamata, komanso chizindikiro chosonyeza kuti liwuli limakhalanso dzina la munthu kapena la malo. Pa mphatso, nsanje, chipata, mwayi ndi mtendere chizindikiro chimenechi chiyenera kuuza pulogalamu kuti iyambe yayang'ana mneni wotsatira, ka "a" kapena "ku" kam'mbuyo, ndi mayina omwe atchulidwa kale m'nkhaniyo, isanasinthe chilichonse.